Woyimba akamwalira kapena kuchoka, bandi imakhalabe yomweyo? Tiweruzeni, pa Chitakale sitikugona

Mphwa_wa_Dalaivala (Chitakale, Mulanje)

Akuluakulu moni nonse. Ndabwera ndi mkangano umene watisowetsa mtendere ku babashopu kwathu pa Chitakale pano kuyambira lachiwiri, mpaka kasitomala wina ananyanyala n'kutuluka mutu atametedwa theka kkkk.

Nkhani yake ili chonchi. Malume anga, alongo awo a mayi, anatisiya chaka chatha, anali dalaivala ku esiteti ya tiyi zaka zambirimbiri. Tsiku logawa katundu anthu anathamangira njinga, malata ndi mashini osokera, ine ndinangonyamula chikatoni chimene chinali kunsi kwa bedi chonunkha nkhungu, mukudziwa mmene chiperoni chathuchi chimanyowetsera zinthu. Kutsegula muja ndi makaseti okhaokha. Don Williams ndi Jim Reeves amenewo sangalephere kwa bambo wa msinkhu umenewo, koma pansi pake ndinapeza AC/DC awiri, Queen, Deep Purple ndi Genesis, mayi akuti anawasiyira ndi mzungu wina amene ankamuyendetsa, pamene ankabwerera kwawo. Wayilesi ya kaseti ndinachita kukabwereka kwa agogo ena ku Chisitu, lamba wake anali atatha ndiye tinadula mphira wa chubu cha njinga, tepi ina inali itatuluka ndinaibweza ndi bolopeni ngati kale.

Tsono makaseti a AC/DC aja, magitala ndi amodzimodzi koma mawu osiyana. Ina akuyimba munthu ngati chidakhwa chanthabwala chimene chikukunyoza uku chikumwetulira, inayo akuyimba ngati munthu amene chala chapanidwa ndi chitseko cha minibasi. Ine ndimayesa tepi yatamuka ndi chinyezi. Nditafufuza pa foni ndi pamene ndinadziwa kuti ndi anthu awiri, woyambayo Bon Scott anamwalira ku London mu February 1980 ali ndi zaka 33 atamwa usiku wonse, ndiye anzakewo anatenga Brian Johnson, pofika July chaka chomwecho chimbale chatsopano chatuluka kale. Miyezi isanu yokha akuluakulu. Kwathu kuno ngakhale za chiliza zimakhala zisanayambe kukambidwa.

Mnzanga wometayo akuti kumeneko ndi kuba dzina, bandi ndi mawu a woyimba, akapita ameneyo otsalawo apeze dzina lina basi. Ine ndikuti ayi, AC/DC ndi magitala a anyamata apachibale aja a Young. Tiuzeni inu odziwa, ndi mabandi ati amene anasintha woyimba zinthu n'kuyenda, nanga ndi ati amene anangodzichotsa ulemu? Komanso munditchulireko shoo imodzi yoti ndidawunilode, imodzi yokha chonde, bandulo yake ndi ya pa wiki ndipo netiweki kuno imabwera ndi mphepo.

RasMpholiwa (Nkando)

Aise mukupitiranji kutali ku Australia pamene yankho lili pa Chileka pomwepa. Evison Matafale anatisiya mu November 2001 atangotulutsa Kuimba 1 ndi 2, anthu ankati Ma Blacks atha. Musamude Fumulani anatenga maiki. Nayenso anatisiya 2007, anthu n'kunenanso kuti pano ndiye zatheratu, Anjiru anatenga. Lero mukamva kuti Ma Blacks afika pa boma mumatsala kunyumba inu? Wometayo mumufunse ngati sanavinepo mpaka mbandakucha. Nkhani yatha, pitirizani kumeta anthu.

Aphunzitsi_Opuma (Luchenza)

Mwana wanga pepa ndi maliro a malume ako, ndipo wachita bwino kusunga makasetiwo, anzako a malata aja pofika zaka khumi adzakhala ndi dzimbiri lokha.

Choyamba ndikuseke pang'ono iwe ndi mnzakoyo. Bon Scott amene mukumulirayo nayenso anali wolowa m'malo. Woyimba woyamba wa AC/DC pamene inkayamba ku Sydney mu 1973 anali Dave Evans, Scott anabwera 1974. Ndiye ngati lamulo la wometayo tilitsate, dzina likanasintha kalekale inu musanalimve n'komwe.

Ine nyimbo zimenezi ndinazidziwa ndili ku koleji ya uphunzitsi, tinali ndi mnzathu wina bambo ake anagwirapo ntchito ku Kitwe, anabwera ndi zimbale zija zikuluzikulu zakuda. Pa zaka zonsezi chimene ndaona n'chakuti nkhaniyi ili ngati ufumu. Mfumu ikagona, mudzi suthawa, dzina silikwiriridwa nayo, amafuna mphwake n'kumulonga. Koma mudzi uliwonse umadziwa kusiyana kwa mfumu imene ikuweruza ndi nzeru zake ndi ija yongovala mkanjo wa malume ake n'kumatsanzira ngakhale katsokomoledwe. Yachiwiriyo anthu amaiseka kuseri.

Brian Johnson sanatsanzire. Anali munthu wa ku Newcastle, anayimbapo mu bandi yotchedwa Geordie imene inali itazilala, nthawi imene ankamuitana anali akukhoma madenga a galimoto kuti apeze ya ndiwo. Anabwera ndi kachipewa kake ndi mawu ake a chitseko cha minibasi aja, sanayese kumwetulira ngati malemu. Ndipo taona chikuto cha kaseti yako yachiwiriyo, ngati ndi Back in Black ndi chakuda bii, ndipo ukayiyika chimayamba kulira ndi belu. Amene aja ndi maliro mwana wanga. Sanamubise malemuyo ngati sanakhaleko, anamulira poyera kenako n'kupitiriza ulendo. Chimbale chimenecho chili m'gulu la zimbale zogulidwa kwambiri padziko lonse mpaka lero.

Genesis ndiye nkhani yake imandisangalatsa koposa. Woyimba wawo Peter Gabriel anachoka 1975, munthu amene ankavala zinyawu zakezake pa siteji moti anthu ankati bandi yonse ndi iyeyo. Anayesa anthu ambirimbiri, ndipo amene ankawaphunzitsa nyimbo ofuna ntchitowo anali woyimba ng'oma wawo Phil Collins, wakhala kumbuyo kuja kuyambira 1970. Mapeto ake anazindikira kuti wophunzitsayo akuyimba bwino kuposa onse ophunzirawo. Kufuna mbuzi ku dambo ili m'khola momwemo. Anachita kulemba munthu wina woti aziyimba ng'oma pa shoo kuti Collins aime kutsogolo, ndipo bandi inakula kuposa kale, ngakhale akale enieni amadandaula kuti nyimbo zinafupika n'kukhala za pa wayilesi. Koma Collins atachoka 1996 anatenga mnyamata wina Ray Wilson, chimbale chimodzi chokha cha 1997 basi zinathera pomwepo. Bandi imodzimodzi, ulendo woyamba zinatheka, wachiwiri zinakanika.

Black Sabbath anamuchotsa Ozzy Osbourne mu 1979 chifukwa cha mowa ndi mankhwala, n'kutenga Ronnie James Dio, kamunthu kakafupi koma mawu ngati mkango. Kunena zoona Dio ankayimba bwino kuposa Ozzy, izi ngakhale pa bwalo la mfumu ndinganene. Koma anthu akamati Sabbath m'maso mwawo mumabwera Ozzy, ndipo pamene Dio anabwererananso ndi anzakewo cha m'ma 2006 anayenda ndi dzina lina, Heaven & Hell. Apa wometa uja angapeze pogwira.

Komanso ndimupatse chida china mnzakoyo, poti sindikufuna kukondera. Led Zeppelin. Kumeneko sanamwalire woyimba, anamwalira wa ng'oma John Bonham mu September 1980, chaka chomwecho cha Bon Scott. Pofika December otsala atatuwo analengeza kuti sangapitirize. Anangokumanako mwa apo ndi apo, ndipo pa shoo yaikulu ya ku London mu 2007 pa ng'oma anakhala mwana wa malemuyo, Jason. Ndiye mtima wa bandi sukhala pa maiki nthawi zonse, pena uli kumbuyo kumene simuyang'anako.

Za shoo, ine ndine wakale, ndikuti fufuza Made in Japan ya Deep Purple, anaijambula ku Osaka ndi ku Tokyo mu August 1972. Si ya kanema, ndi yongomvera, ndiye bandulo yako ipulumuka. Woyimba mmenemo Ian Gillan nayenso ndi wolowa m'malo, anabwera 1969. Pali pena pamene amayankhana ndi gitala ya Ritchie Blackmore, gitala ikalira iye n'kuibwezera ndi pakamwa, ngati mmene amachitira wa ng'oma ndi wovina tchopa. Ndalemba zambiri, choko sichichoka m'manja.

NaPhiri_waBvumbwe

Aphunzitsi ulemu wanu, zonse mwanenazo ndagwirizana nazo koma mwazemba dala Queen chifukwa mukudziwa kuti pamenepo fanizo lanu la ufumu ligwa kkkk.

Ine Queen ndinaidziwira kwa bambo anga, ankaikonda zedi, ndipo ankanyadira kuti woyimba wake Freddie Mercury ndi wathu wa kuno ku Africa poti anabadwira ku Zanzibar mu 1946. Dzina limenelo masiku ano kuno kwathu sitilitchula momasuka chichitikireni namondwe uja wa 2023, mwana wanga wamng'ono atamva ndikuti Freddie anandiyang'ana ngati ndatukwana, ndinachita kumufotokozera kuti uyu ndi wina, sanagwetse nyumba ya munthu.

Achimwene a ku Chitakale, shoo yoti mudawunilode ndi ya Queen pa shoo ya Live Aid ku sitediyamu ya Wembley ku London, 13 July 1985. Ndi ya mphindi 20 ndi kapamwamba basi, bandulo yanu ikwana ndipo itsalako ya WhatsApp. Tsiku limenelo kunali akatswiri okhaokha, aliyense anapatsidwa kanthawi kochepa, kunja kukuwala, popanda magetsi amitundumitundu kapena utsi wobisalamo. Bambo uja anangotulukira ndi kavesiti koyera ndi jinzi, maiki ili pa kandodo kodula. Muone pamene akuyimba yekha popanda chida chilichonse anthu 72,000 n'kumamuyankha, iye akakweza iwo akweza, akakokera iwo akokera, ngati mphunzitsi wa sitandade 1 ndi ana ake. Ine ndimatsogolera kwaya ku tchalitchi kwathu, anthu 30 okha kuti ayambire pamodzi ndimatuluka thukuta, ndiye ndikaona zimene zija ndimangoti Mulungu amapatsa mosiyana.

Tsono munthu ngati ameneyo mulowa m'malo mwake bwanji? Anamwalira November 1991. Anzake a mu bandi Brian May ndi Roger Taylor anayenda ndi Paul Rodgers kuyambira 2004 mpaka 2009, munthu wodziwa kuyimba koma zinali ngati mwathira mchere mu tiyi, zonse ndi zabwino pazokha koma sizikumana. Kenako anatenga Adam Lambert wa mu mpikisano wa pa TV wa American Idol. Mnyamatayo mawu ali nawo, amafika pamwamba paliponse pamene pakufunika, sindikumunyoza ayi. Koma kwa ine uja si ufumu aphunzitsi, chija ndi chokolo. Walowa m'nyumba ya malemu, akugona pa mphasa ya malemu, ana akumutchula kuti bambo koma aliyense akudziwa. Ndipo eni akewo akudziwanso, n'chifukwa chake pa chikwangwani amalemba Queen kenako kamtanda kophatikiza kenako dzina lake, sanayerekeze kungolemba Queen. Wa bezi John Deacon ndiye anakana zonsezo, anapuma 1997 n'kukakhala phee kunyumba kwake. Ine ndili mbali ya Deacon.

Kumbali ya Ma Blacks a Ras musatinamize kuti ndi nkhani imodzi, aja ndi pachibale, magazi amodzi, anakulira limodzi kwa Singano akumva nyimbo zomwezo. Zili ngati ku Zimbabwe, Simon Chimbetu atamwalira 2005 mwana wake Sulumani anapitiriza, Tongai Moyo atapita 2011 anatenga Peter. Kumeneko anthu amakhululuka msanga chifukwa akuona nkhope ya malemu mwa mwanayo. Mlendo wochokera ku mpikisano alibe mwayi umenewo.

RasMpholiwa (Nkando)

Asisi magazi sayimba. Ana angati a oyimba amene anatenga gitala ya bambo awo n'kuigulitsa pa Limbe? Anjiru anthu anamulandira chifukwa cha ntchito osati ubale.

Bezi_waLimbuli

Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndilankhuleko poti ine zimenezi zinandionekera ndi maso, si za pa YouTube.

Ndimayimba bezi mu kabandi kathu kuno ku Limbuli, timayimba m'maukwati, m'zinkhoswe, pena kumalo omwera cha ku Muloza anzathu a ku Milange akawoloka ndi ndalama za nandolo. Tinali ndi woyimba wathu zaka zinayi, mnyamata wa mawu opyapyala okwera, atsikana ankangomuponyera ndalama. Tsiku lina lachitatu tikumudikira ku pulakatisi foni osagwira, madzulo mkazi wake akutiuza kuti anakwera basi ya ku Joni m'mawa. Osatsanzika aise, ndipo anapita ndi maiki yathu yabwino ija yopanda chingwe. Loweruka tili ndi ukwati, ndalama ya adivansi tinadya kale.

Tinagwira mnyamata wina wa kwaya, mawu ake okhuthala apansi. Cholakwa chathu chinali choti tinamuuza kuti uziyimba ngati mmene ankayimbira uja, makiyi omwewo, ngakhale kakuseka kamene uja ankaseka pakati pa nyimbo. Loweruka lija ndinaona ndekha misempha ya pakhosi pake itatupa ngati zingwe za bezi yangayi, pofika nyimbo yachisanu mawu anathera mu kolasi, kunangotuluka mphepo ngati tayala laphulika. Mayi wina wa kuchikazi atavala chitenje cha yunifomu anaima pakati pa bwalo perekaniperekani ali mkati n'kukuwa kuti tabweretsani uja wakale uja, uyu akulira maliro a ndani. Anthu anafa nako kuseka. Mwamwayi jenereta inazima yokha, sindinayambe ndathokozapo jenereta ngati tsiku limenelo.

Sabata yotsatira wa kiyibodi wathu, amene ndi wamkulu pa tonsefe, anati tatsitsani nyimbo zonse. Ina tinatsitsa ndi makiyi awiri, ina atatu, zina zothamanga tinazichedwetsa pang'ono, ziwiri tinazitaya poti sizimamukhala. Ine ndinachita kuphunziranso zala pa nyimbo zimene ndinkaziyimba ngakhale ndili m'tulo. Panatenga miyezi itatu. Lero anthu omwe aja akumufuna mnyamatayu, ndipo wa ku Joni uja atabwera pa Khirisimasi n'kupempha maiki kuti ayimbeko imodzi, zinamveka zachilendo ndi iyeyo, bandi inali itasamuka kale pamene anaisiya. Maiki ija sanabweze mpaka pano.

Ndiye chimene anthu omvera sadziwa n'choti kusintha woyimba si kusintha munthu mmodzi, onse akumbuyo amasinthanso. Tamverani Van Halen ya David Lee Roth kenako ya Sammy Hagar amene analowa 1985, gitala ndi ya Eddie Van Halen yemweyo koma nyimbo zinasanduka, makiyibodi anachuluka, za chikondi zinachuluka, mpaka anthu anaitcha Van Hagar monyoza. Koma zimbale zinayi zimene anajambula ndi Hagar mu situdiyo zonse zinafika pa nambala 1 ku America. Atatenga Gary Cherone chimbale chimodzi cha 1998 chinagwa chagada. Iron Maiden chimodzimodzi, Bruce Dickinson analowa 1981 m'malo mwa Paul Di'Anno bandi n'kuuluka, ndipo kuuluka kwenikweni poti mkuluyo ndi payiloti, ankayendetsa yekha ndege ya bandi. Atachoka anaika Blaze Bayley 1994, wa mawu apansi, n'kumamuyimbitsa nyimbo zokwera za Dickinson usiku ndi usiku. Nditaonera kanema wake ndinakumbuka mnyamata wathu uja pa ukwati, ndinamumvera chisoni. 1999 Dickinson anabwerera.

Pali mmodzi yekha amene amandisokoneza mutu chifukwa anatsanzira ndipo zinayenda, Arnel Pineda wa Journey. Mfilipino, ali mnyamata anagonapo m'misewu ya Manila, ankayimba nyimbo za eni ake m'mabala ngati ifeyo. 2007 wa gitala Neal Schon anamuona pa YouTube n'kumuitanitsa ku America, February 2008 ali pa siteji ku Chile. Ukatsinzina umayesa ndi Steve Perry, woyimba wakale wa bandiyo. Ndipo pano wakhala mu bandiyo zaka zambiri kuposa Perry mwini wake. Ine nkhani imeneyi ndimaikonda osati chifukwa cha nyimbo koma poti imandipatsa chiyembekezo kuti tsiku lina wina adzaona kavidiyo kathu ka pa Muloza kkkk. Ngakhale pamenepo mawu aja ndi akedi, anabadwa nawo okwera choncho, sachita kudzipha ngati tinkamuphera mnzathu uja.

Shoo yanga ndi AC/DC ku River Plate, Buenos Aires, December 2009. Musayang'ane kwambiri Angus Young ndi kayunifomu kake ka sukulu, aliyense amayang'ana iyeyo. Yang'anani kumbuyo pafupi ndi ng'oma, mkulu wake Malcolm waima malo amodzi ngati chitsa, dzanja lamanja likungokhapa, amapita kutsogolo pokhapokha akafuna kuthandiza kolasi kenako n'kubwerera pamalo pake. Injini ndi imeneyo. Ndipo anthu a ku Argentina aja amayimba ndi pakamwa ngakhale kulira kwa gitala, sitediyamu yonse ikudumpha ngati madzi a mu Ruo nthawi ya dzinja. Koma ndi yaitali, pafupifupi maola awiri, bandulo ya pa wiki iiwaleni.

Mtumiki_77 (Thyolo boma)

Abale ndikuchenjezeni mwachikondi, nyimbo mukukambazi ndi za satana. Taonani zala zimene amaimika zija ngati nyanga, ndi mayina omwe, Black Sabbath. Makaseti amenewo otchani achimwene, musalowetse mizimu m'nyumba.

NaPhiri_waBvumbwe

A Mtumiki ine ndine wa kwaya ndipo sindinaphonyepo mgonero chifukwa cha Queen. Makaseti a malemu asaotchedwe chonde.

Aphunzitsi_Opuma (Luchenza)

A Mtumiki, zala zimenezo amene anazitchukitsa ndi Dio yemwe ndamutchula uja, ndipo iye mwini ankafotokoza kuti anatengera kwa agogo ake aakazi a ku Italy, amene ankachita zimenezo pofuna kudziteteza kwa anthu a diso loipa. Kunena kwina chinali ngati kamkanda kamene agogo athu ankamangirira mwana m'chiuno. Mukhoza kudana nacho ngati chikhulupiriro chachikunja, pamenepo sindikutsutsani, koma sichinali chopembedzera. Zoti ena mwa anyamata amenewa ankadziopsetsa dala kuti zimbale zigulidwe ndi zoona, malonda amenewo. Zoti moyo wa ambiri unali wotayirira ndi zoonanso, Bon Scott ndi Bonham onse anapita ndi mowa ali anyamata. Chenjezo loti lipite kwa ana athu ndi limenelo, ndipo kachasu wa pa Luchenza pano akupha ambiri kuposa gitala.

NaPhiri wandigwira pa Queen, ndavomera, wamkulu akagwa amadzuka yekha. Koma chokolo chimenecho anthu akulipira matikiti kukachionera m'mayiko onse, ndipo ambiri mwa iwo anabadwa Freddie atamwalira kale. Kodi tiwauze kuti asamve nyimbo zimenezo ndi gitala ya Brian May mwini wake akadali moyo, chifukwa choti ife tinaona zenizeni? Komanso poti mwamutamanda kwambiri, tisaiwale kuti Queen yomweyo inakayimba ku Sun City mu 1984 nthawi ya tsankho ku South Africa, anzawo ambiri atakana, ndipo inadzudzulidwa kwambiri. Ife a nthawi imeneyo tinakhumudwa.

Chinanso kwa mwana wa ku Chitakale, usaganize kuti nyimbo za magitala olira chonchi ndi za azungu okha. Tsidya lino ku Zambia m'ma 1970 kunali WITCH, woyimba wake Jagari Chanda, dzina limenelo analitengera kwa Mick Jagger, woyimba wa Rolling Stones, chifukwa cha misala yake pa siteji. Kunalinso Paul Ngozi ndi Ngozi Family, nyimbo zina ankayimba m'Chinyanja chomwechi moti ungamve mawu aliwonse. WITCH nayo Jagari atachoka inapitirira ndi oyimba ena n'kutembenukira ku disiko, dzina lomwelo koma ukamvera sungakhulupirire kuti ndi bandi imodzi. Mkuluyo anakakumba miyala ya mtengo wapatali zaka zambiri, ndipo atakalamba azungu anafukula zimbale zake zakale, pano akuyendanso m'mayiko ndi anyamata oti ndi ana ake. Apa ndiye zatembenuka, woyimba ndi yemweyo, bandi ndi imene yalowedwa m'malo. Kamufunse wometayo kuti pamenepa aweruza bwanji.

Mphwa_wa_Dalaivala (Chitakale, Mulanje)

Ayi ndithu zikomo nonse, sindimayembekeza kuti nditola zambiri chonchi. Ndamuwerengera zonse wometa uja mmawawu magetsi atazima poti kunalibe ntchito. Pa Led Zeppelin anawomba m'manja, pa chokolo cha a NaPhiri anaseka mpaka kukhala pansi, pa Dave Evans anangoti zii n'kuyamba kupukuta mashini amene anali opukuta kale. Koma kugonja ayi, akuti Brian Johnson ndi waganyu amene anakhalitsa basi. Ndinamuuza kuti waganyu wa zaka zoposa 40 ndiye kuti munda ndi wake, iye akuti nanga bwanji 2016 makutu atamuvuta anangomukhazika pambali n'kuitana Axl Rose wa Guns N' Roses kudzamaliza ulendo, mwini munda amamuchita zimenezo? Ndinasowa choyankha, ndinangoti koma anabwereranso. Ndipo taonera kavidiyo ka Axl akuyimba atakhala pa mpando mwendo uli mu chikhakha, sizinali zoipa ngati mmene ndimaganizira, izi ndiye zasokonezanso mkangano wonse.

Ndadawuniloda ya Live Aid ija usiku cha m'ma 1 koloko netiweki itakhazikika. Taonera anthu asanu ndi mmodzi pa kafoni kamodzi titatsamiritsa ku botolo la spirit, pofika pamene amayankhana ndi anthu paja mnyamata wogulitsa nanazi panja anayamba kuyankha nawo osadziwa n'komwe kuti ndi ndani. A NaPhiri munanena zoona.

A Mtumiki makaseti sindiotcha, pepani, pa chikuto cha Genesis pali dzina la malume analemba okha ndi bolopeni yofiira ndi chaka, 1988.

A Bezi, ya River Plate ija ngati muli nayo pa fulashi ndiuzeni, lachisanu ndikubwera ku Limbuli kudzagula matumba a chimanga, tikumane pa siteji ya minibasi cha m'ma 10. Ndibweretsa kaseti ya Deep Purple mukaone ngati mungathe kuilumikiza, inaduka pakati ndipo ndayesa ndi selotepi ikungokakamira mu wayilesi ya agogo aja, ndiye akuifuna lamulungu wayilesi yawoyo.